Jakisoni wochepetsa thupi kapena kusintha kadyedwe: chokhalitsa n'chiti?

Kwa ife olimbana ndi kunenepa, njira zomwe zili pakamwa pa anthu masiku ano ndi ziwiri: kubayitsa jakisoni wa semaglutide, kapena kusintha kadyedwe n'kumalimbitsa thupi. Ambiri amafunsa kuti yoondetsa msanga ndi iti, koma ine chimene ndimafuna kudziwa n'chakuti pakatha zaka, sikelo idzaloza pati.

Pa liwiro, jakisoni alibe mnzake. Kafukufuku wa STEP 1, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatsata anthu 1,961 kwa milungu 68. Obayidwa mankhwalawa kamodzi pa mlungu anatsika ndi pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo, pomwe obayidwa jakisoni wopanda mankhwala anatsika ndi 2.4 peresenti yokha. Semaglutide amagwira ntchito ngati timadzi ta m'matumbo totchedwa GLP-1, timene timauza ubongo kuti wakhuta. Munthu amangoona kuti wakankhira mbale pambali chakudya chikadalimo, osadzikakamiza. Komatu ambiri amavutika ndi nseru, kusanza kapena kutsegula m'mimba, makamaka mlingo ukamawonjezedwa, ndipo mankhwalawa ndi odula.

Chondidetsa nkhawa ndi zomwe zinachitika atasiya. Ofufuza anatsata ena mwa anthuwa kwa chaka china, n'kupeza kuti pa makilogalamu atatu aliwonse omwe anachoka, awiri anali atabwerera. Wosankha jakisoni adziwiretu kuti mwina adzakhala naye zaka zambiri, monga achitira womwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Njira inayi imayenda pang'onopang'ono. Mu kafukufuku wopewa matenda a shuga wotchedwa Diabetes Prevention Program ku America, anthu 3,234 omwe shuga wawo anali atayamba kukwera anagawidwa m'magulu. Gulu limodzi linapatsidwa cholinga chotsika ndi 7 peresenti komanso kulimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu, makamaka kuyenda ndawala. Zotsatira za mu 2002 zinaonetsa kuti chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, kuposa 31 peresenti ya gulu lina lomwe linkamwa metformin, mankhwala a shuga. Kwa osintha kadyedwewa nawonso thupi linabwerera ndithu m'kupita kwa nthawi, koma patatha zaka 10 chiopsezocho chinali chikadali chotsika ndi 34 peresenti.

Kafukufuku ameneyu ndimamudalira pa chifukwa chinanso. Anthu 45 pa 100 alionse sanali azungu: munali akuda, a Hispanic (omwe makolo awo anachokera m'mayiko olankhula Chisipanishi), ochokera ku Asia ndi eni dziko a ku America, ndipo phindu linaoneka m'mitundu yonseyi. Mu STEP 1, atatu mwa anayi alionse anali azungu. Tisanatengeke ndi chiwerengero chilichonse, tiziyamba tafunsa kuti anayezedwawo anali ndani.

Nanga tichepetse mafuta kapena zakudya za sitachi? Apa tisatayepo nthawi. Ofufuza a ku Stanford anayerekeza ziwirizi pa anthu 609, ndipo mu 2018 anapeza kuti patatha chaka magulu onse anatsika ndi makilogalamu 5 mpaka 6.

Za kusunga thupi litatsika timaziphunzira ku National Weight Control Registry, kaundula yemwe Rena Wing ndi James Hill anayambitsa mu 1994. Muli anthu omwe anatsika ndi makilogalamu oposa 13 n'kukhala chaka osabwerera. Ambiri amakwera pasikelo mlungu uliwonse, sadumpha chakudya cham'mawa, ndipo amalimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi patsiku. Ola lathunthu! Ambiri mwa iwo ndi azimayi achizungu omwe analembetsa okha, choncho sitinganene kuti wogwira ntchito usiku kapena wodwala mawondo angathe chimodzimodzi.

Kwa amene shuga wangoyamba kukwera ndipo thupi silinalemere kwambiri, ine ndingati ayambe ndi kadyedwe ndi kuyenda. Amene kunenepa kwamufikitsa pomalephera kukwera masitepe akambirane ndi dokotala za jakisoni, ndipo afunsiretu kuti adzabayitsa mpaka liti. Asaiwalenso kuti ngakhale obayidwa mu STEP 1 ankalangizidwa kudya mochepa ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu.