Selenium, Cypress kapena Playwright poyesa kutumiza mafayilo pa webusaiti

Anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe akhala akundifunsa chida chimene ndimayesera ngati webusaiti ikulandira bwino mafayilo. Ndagwiritsapo ntchito zida zitatu zoyesera mawebusaiti, Selenium, Cypress ndi Playwright, ndipo mtima wanga uli pa Playwright.

Selenium ndi yakale, inayamba mu 2004. Siingakhudze kawindo kamene kompyuta imatsegula munthu akamasankha fayilo, choncho mumaipatsa adiresi yonse ya fayiloyo kudzera mu lamulo lake lolembera mawu pa tsamba lotchedwa sendKeys. Apa ndi pamene ndinapsa. Ndinkakonza tsamba limene ofunsira ntchito amatumizirapo masatifiketi awo a MSCE, ndipo mayeso onse ankadutsa pa laputopu yanga ku Area 47, koma titawasamutsira pa Selenium Grid, njira yoyendetsera mayeso pa makompyuta ena, onse okhudza mafayilo analephera. Ndinatha masiku awiri ndikufufuza, tsiku lopereka ntchito likuyandikira, ndisanazindikire kuti browser inali pa makina ena, kumene fayiloyo kunalibe. Mankhwala ake ndi LocalFileDetector, mzere umodzi wokha umene umanyamula fayilo kupita nayo ku makinawo. Mpaka lero masiku awiri aja amandiwawa.

Cypress ndimailemekeza. Kuchokera mu 2022 ili ndi njira yosankhira fayilo yotchedwa selectFile, imene imayesanso kukoka fayilo n'kuiponya pa tsamba popanda kuvutikira. Chimene chinandibweza m'mbuyo n'chakuti njira yake yogawira mayeso pa makina angapo imadalira sevisi ya pa intaneti ya kampaniyo yotchedwa Cypress Cloud, imene mukapitirira malire aulere mumalipira m'madola, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno kwathu.

Playwright, yopangidwa ndi Microsoft mu 2020, imagawa mayeso kwaulere ndi --shard. Lamulo lake la setInputFiles limagwira ntchito ngakhale malo oikapo fayilo atabisidwa kuseri kwa batani lokongoletsa, ndipo imatha kudikira filechooser, chizindikiro chakuti kawindo kosankhira fayilo katseguka. Chimene ndimakonda kwambiri n'chakuti ndingathe kupanga fayilo m'kati mwa mayeso momwemo, yopanda kanthu kapena yonamizira kukhala PDF, n'kuona ngati tsamba liikana, bola isapitirire 50 MB.

Mtengo wake wobisika ndi bandulo. Poyiika imatsitsa mabrowser atatu, Chromium, Firefox ndi WebKit, zimene ndi ma MB mazanamazana, choncho ine ndimayamba ndi Chromium yokha, zinazo ndimatsitsa ndikafika pa Wi-Fi ya ku ofesi.