Mathithi a Victoria kapena Zanzibar: ulendo wa Mmalawi wokhala ku Joni

Ambiri a ife amene tikugwira ntchito kuno ku Johannesburg timadziwa ulendo umodzi wokha, wa basi yodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza kupita kumudzi. Komabe munthu akasunga marandi kwa zaka zingapo amalakalaka kukaona malo ena amene adzawasimbe mpaka ukalamba, ndipo mayina amene amamveka kawirikawiri ndi Dubai, Zanzibar ndi mathithi a Victoria. Dubai ndimuika pambali msanga, chifukwa pasipoti ya Malawi imafuna viza kumeneko, ndege imatenga pafupifupi maola 8, ndipo kupatula nyumba ya Burj Khalifa yotalika mamita 828, zambiri ndi masitolo amene munthu wozolowera Sandton sangadabwe nawo kwenikweni. Malo awiri otsalawo Mmalawi amalowako popanda viza.

Mathithi a Victoria, amene eni dera amawatchula kuti Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda, ali pa mtsinje wa Zambezi m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, ndipo ndege yochokera pa OR Tambo imafikako maola awiri asanakwane. Madzi amagwa mamita 108 pamalo otambalala mamita 1,708. Amene anaona mathithi a Kapichira kapena a Nkula asaganize kuti akudziwa zimene akakumane nazo, pakuti kumeneko nthunzi ya madzi imakwera m'mwamba n'kumagwanso ngati mvula, moti munthu amanyowa mpaka chovala cham'kati ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mbali ya Zimbabwe ndi imene imaonetsa gawo lalikulu la mathithiwo. Mbali ya Zambia ili ndi dziwe la Devil's Pool m'mphepete mwenimweni mwa phompho, limene amalola kusambamo madzi akachepa basi, komanso mu mzinda wa Livingstone simusowa munthu womva Chinyanja. Mlatho wolumikiza mbali ziwirizi unamalizidwa mu 1905, ndipo mutha kuuyenda pansi. Vuto lake n'lakuti masiku atatu amakwana kuona zonse, ndipo zosangalatsa zowonjezera, monga kukwera helikopita, amazilipiritsa mitengo ya m'madola.

Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, ndi ulendo wa maola atatu ndi theka pa ndege, ndipo mu Okutobala 2024 anakhazikitsako lamulo lokakamiza alendo kugula inshuwalansi, imene panthawiyo inali ya madola 44. Zithunzi zimene zimakopa anthu ndi za mchenga woyera, koma kunena zoona, amene anakulira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay sadzagwa nazo m'chikondi monga amachitira anzathu a kuno ku Gauteng amene alibe nyanja. Madzi ake ndi amchere, ndipo kugombe la kum'mawa amaphwera kutali kwa maola angapo tsiku lililonse, kotero wofuna kusambira nthawi ina iliyonse asankhe Nungwi, kumpoto.

Chimene chingamutengere Mmalawi ku chilumbachi ndi Stone Town, mzinda wake wakale. Anthu ogwidwa ukapolo m'dziko lathu ankawasonkhanitsa kwa Jumbe ku Nkhotakota, kuwawolotsa nyanja, kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri anakagulitsidwa pa msika wa ku Zanzibar, umene unatsekedwa mu 1873. Pamalo pa msikawo pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, ndipo m'kati mwake muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone, yemweyo amene anafika pa mathithi aja mu 1855 n'kuwapatsa dzina la mfumukazi ya kwawo. Mbiri imene tinkailoweza kusukulu pofuna kukhoza mayeso imamveka mwamtundu wina munthu akaima yekha pamalopo. Popeza anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu, poyenda mu mzindawu pamafunika kuvala modzilemekeza.

Mwezi wa tchuthi chanu ndi umene ungadule mlandu. Pa Isitala mathithi amakhala atadzaza, chifukwa Zambezi amasefukira kwambiri cha mu Epulo, pamene Zanzibar amakhala m'kati mwa mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi. Mu Disembala, makampani ambiri kuno akatseka, madzi a mathithi amakhala asanabwerere bwino ndipo mbali ya Zambia ingathe kukulandirani ndi miyala yambiri, pamene ku Zanzibar kumatentha ndipo mahotela amakweza mitengo. Ine ndikadakhala ndi ndalama za ulendo umodzi wokha, ndikadadikira Epulo n'kupita ku mathithi, chifukwa nyanja tili nayo kwathu.

Musanagule tikiti iliyonse, onani tsiku limene pemiti yanu ikutha. Munthu amene wapitirira masiku ake m'dziko muno amadindidwa potuluka, ndipo angathe kuletsedwa kulowanso kwa zaka zofika 5, katundu wake yense ali m'chipinda cha lendi ku Joni.