Kuulula Tchimo kwa Wansembe Kapena kwa Mulungu Pawekha

Msonkhano wachinayi wa ku Lateran, womwe unali wa akuluakulu a mpingo wa Katolika, mu 1215, unalamula kuti Mkatolika aziulula machimo ake kwa wansembe kosachepera kamodzi pachaka, ndipo mpingowu umatsamira pa Yohane 20:23. Wolapayo amagwada, natchula ndi pakamwa pake chimene anachita, n'kumva ndi makutu ake mawu akuti wakhululukidwa. Ngati anaba, amauzidwa kuti akabweze.

Apulotesitanti ambiri, monga a CCAP, amalapa kwa Mulungu mwachindunji potsatira 1 Yohane 1:9, pakuti mkhalapakati ndi Khristu yekha. Njirayi imachotsa mantha oonekera pamaso pa munthu, koma chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti wopemphera yekha m'chipinda angathe kungoti "ndalakwa" osalitchula tchimolo, chikumbumtima n'kumamusowetsabe tulo.