Mafizo a Dzanja Pambuyo pa Opaleshoni: Kwa Katswiri Kapena Kunyumba?

Fupa la pamfundo ya dzanja likathyoka n'kumangidwa ndi kachitsulo limatenga pafupifupi milungu 6 kuti ligwirane, koma mphamvu za dzanja zimabwerera pang'onopang'ono, mwina mpaka chaka. Wodwala angathe kumapita kwa katswiri wa mafizo, kapena kuphunzitsidwa masewerawo n'kumachita yekha kunyumba.

Pa ndalama, kwa katswiri kumafuna thiransipoti ya ulendo uliwonse, pomwe kunyumba kumangofuna kampira kofinya ndi mbale ya mpunga yosakamo timabatani.

Pa zotsatira, ngati fupa linathyoka mosavuta, njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni, malinga wodwala asachite ulesi. Pamene katswiri amapambana ndi pophunzitsa dzanja kuzindikiranso pomwe lili popanda maso kuliyang'ana, monga kuyendetsa kampira m'mbale kosakagwetsa, pakuti iye amaona msanga phewa likamagwira ntchito yomwe mfundo ya dzanja ikuithawa, chinthu chimene mwini wake sachizindikira.

Kunyumba kukuyenera munthu wakhama amene zala zake zikupinda bwino. Amene zala zauma, zachita dzanzi, kapena dzanja likutupa ndi kuwotcha, apite kwa katswiri mosazengereza.