ODK Collect patatha nyengo yonse ya ulimi ku Angónia ndi Tsangano

Kuyambira pa kudzala mpaka pa kukolola, ODK Collect, pulogalamu ya pa foni yolembera mayankho a kafukufuku, yagwira ntchito pa kafukufuku wa minda ya chimanga ndi mbatata ya kachewere m'maboma awiriwa a ku Mozambique. Pa foni sivuta: fomu imadzazidwa popanda netiweki, n'kutumizidwa wofunsa akafika ku Ulongwe kapena paliponse pamene intaneti ikugwira. Chodya ndalama ndi zithunzi. Mu XLSForm, fayilo ya Excel yokonzera mafunso a fomu, chepetsani kukula kwa zithunzi polemba max-pixels=1024 pa funso la chithunzi, apo ayi data ya mwezi wonse ithera pa masamba a chimanga odyedwa ndi mbozi.

Mavuto enieni amayamba mayankho akatuluka. Excel yokonzedwa m'Chipwitikizi imayembekezera chizindikiro cha semicolon (;) pakati pa mayankho, pomwe fayilo ya CSV, imene mayankhowo amatulukiramo, imagwiritsa ntchito chizindikiro cha comma (,), ndiye zonse zimaunjikana mu danga limodzi. Nayenso ŵ amasanduka zilembo zachilendo fayilo ikapanda kutsegulidwa ngati UTF-8, njira yosungira zilembo imene imazindikira ŵ. Mukafunsa minda ingapo ya banja limodzi ndi repeat (gulu la mafunso lobwerezedwa pa munda uliwonse), mindayo imatuluka mu fayilo yapadera, ndipo imalumikizidwa ndi banjalo kudzera pa danga lotchedwa PARENT_KEY. Wina akafufuta danga limeneli poyeretsa, simudzadziwanso kuti munda uti ndi wa ndani. Dzina la funso musalisinthe kafukufuku ali mkati. Konzani mawu a label okha (mawu a funso ooneka pa foni), n'kukweza version ya fomuyo.

Nanga pulogalamuyi ikhalitsa? ODK inayambira ku University of Washington mu 2008, code yake ili poyera pa GitHub pansi pa layisensi ya Apache 2.0, ndipo imakonzedwabe kawirikawiri. Komabe seva yake yakale, ODK Aggregate, inasiyidwa mu 2021, anthu n'kusamukira ku ODK Central. Central imafuna Docker (pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu pa seva) komanso munthu woisamala mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito ya munthu ameneyu kawirikawiri imatha tsiku lomwe ndalama za pulojekiti zatha.

Chondikhutiritsa ine ndi XLSForm. Ndi fayilo wamba ya Excel, KoboToolbox, pulogalamu ina ya kafukufuku, imaiwerenganso, choncho seva ikafa fomu siifa nayo. Muyeso woona ngati kafukufuku wasungidwa bwino ndi uwu: patsani munthu amene sanachite nawo kafukufukuyu fomu, CSV yosakhudzidwa, komanso script ya R (malamulo a pa kompyuta owerengetsera zotsatira), pa kompyuta ina, muone ngati apeza zokolola pa hekitala zofanana ndi zimene zili mu lipoti.