Batik ya ku Giriloyo patatha pafupifupi chaka

Nsalu ndikunenayi ndi batik tulis, ija amajambula ndi dzanja pogwiritsa ntchito phula ndi utoto, yochokera m'mudzi wa Giriloyo ku Imogiri, kummwera kwa mzinda wa Yogyakarta ku Indonesia. Nditangoigula ndinalemba kuti ndi yokongola koma yokwera mtengo, ndipo ena mwa inu munafunsa ngati sidzasuluka ikangolowa m'madzi kangapo. Tsopano yatsala pang'ono kukwana chaka ndikuivala kutchalitchi, kumaukwati ndi kuzinkhoswe.

Sinasuluke. Mtundu wakuda wonkera ku buluu udakali momwe unalili, ndipo wofiirira uja, umene anthu a kumeneko amautcha soga ndipo amaupanga pophika makungwa ndi mitengo, wangofewa maonekedwe osatha mphamvu. Chimene chasintha kwambiri ndi thupi la nsaluyo. Poyamba inali yolimba, ikununkha phula, koma lero ndi yofewa ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala sinandimatirire pathupi. Ndi thonje lenileni lolukidwa mothinana.

Ndimakonda kuiyang'anitsitsa ndikamaisita. Maluwa ake ndi a kawung, timizere tozungulira tinayitinayi tokumana pakati. Mukayandikira mumaona kuti palibe tiwiri tofanana ndendende. Pena kadontho kakula pang'ono chifukwa phula linatuluka lambiri, pena mzere wapyapyala pomwe linayamba kuzizira m'kachipangizo. Kachipangizoko ndi canting, kachikho ka mkuwa kokhala ndi kamlomo kosongoka ndi chigwiriro cha nsungwi. Mayi wojambula amatunga phula lotentha, nauzira kamlomoko, n'kumalemba pansalu. Pamene pali phula utoto sulowa. Akaviika mu utoto umodzi amakanda kapena kuwiritsa nsalu kuti phula lichoke, kenako n'kupakanso kwina asanaviike mu utoto wachiwiri. Ntchito yotere imatha masabata ngakhale miyezi pa nsalu imodzi, ndipo ndikaona kadontho kokhota kaja mtengo uja sundiwawanso. Mpake kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika batik ya ku Indonesia pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse pa 2 Okutobala 2009, tsiku limene dziko lawo limakumbukira chaka chilichonse povala batik.

Zovuta zilipo. Nsaluyi safuna kuichapa ngati chitenje cha tsiku ndi tsiku. Kwawo amachapira lerak, zipatso za mtengo zimene zimatulutsa thovu, ndipo kuno sindinazipeze. Ine ndimagwiritsa ntchito sopo wofewa wamadzimadzi, madzi ozizira, osaipikicha mwamphamvu kapena kuipotokola pofinya, n'kuyanika pamthunzi. Sopo wa ufa ndi dzuwa la masana ndizo zimapha soga. Ulendo woyamba ndi wachiwiri inachucha pang'ono, choncho muziichapa payokha. Poisita ndimaikapo kansalu kena pamwamba. Posunga amalangiza kuti musaike mankhwala a njenjete aja onunkha, koma tsabola wakuda womanga m'kansalu. Kwa munthu wotanganidwa, zimenezi ndi ntchito ndithu, ndipo sindinganene kuti ndi nsalu ya aliyense.

China ndi kukula kwake. Ndi mamita awiri ndi theka basi, chifukwa anaipangira kukulunga m'chiuno, osati kudula. Atelala anga atayiona anati, "Mayi, iyi mkasi usaikhudze, muzingomanga." Ndinawamvera, ndipo ndimaivala ndi bulauzi yoyera. Amene mukufuna diresi ndi duku lake simukwanitsa ndi imodzi.

Anthu ambiri akandiona amayesa ndi chitenje cha Java, ndipo sakuphonya kwenikweni. M'zaka za m'ma 1800 Adatchi, amene ankalamulira Indonesia, anayamba kutsanzira batik ndi makina. Anthu a ku Java, chilumba cha ku Indonesia, sanazikonde kwambiri, koma nsaluzo zinapeza msika kumadzulo kwa Africa, ndipo kampani ya Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands, imene inayamba mu 1846, inakulira pamenepo. Zitenje zathu zili ndi ubale umenewu. Nelson Mandela nayenso ankakonda malaya a batik.

Amene mudzapite ku Indonesia, kapena mudzatume wachibale, chenjerani, chifukwa m'misika muli nsalu zambiri zosindikiza ndi makina zimene zimagulitsidwa ndi dzina lomweli. Tembenuzani nsaluyo. Ya dzanja yabwino mtundu wake umalowerera mbali zonse ziwiri, pomwe ya makina kuseri kumakhala kotuwa. Palinso ya pakatikati, batik cap, imene phula amadinda ndi chidindo cha mkuwa. Imeneyo ndi batik yeniyeni, yotsikirako mtengo, ndipo ndiyo ndingapereke kwa telala popanda mtima kuwawa. Ndauza kale mchemwali wanga amene amayenda kumeneko kuti andifunire ya zithunzi za mitambo ya ku mzinda wa Cirebon, ija amati mega mendung, yoti ndisoketse.