Fusulina kapena Alveolina? Kunja n'zofanana, mkati n'zosiyana

Anzanga amene mumakonda za ma foraminifera, tamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja tokhala ndi zigoba, Fusulina ndi Alveolina zimasokoneza anthu kwambiri, munthu watola mwala wa laimu wodzaza ndi tinthu tonga mpunga basi wagamula kale kuti ndi Fusulina, khoma la chigobacho osaliyang'ana n'komwe. Zonse ndi tamoyo ta selo imodzi, zonse zinatha kalekale, zonse n'zonenepa pakati zosongoka uku ndi uku, koma si pachibale ayi.

Fusulina anaitcha dzinali ndi katswiri wa sayansi Fischer de Waldheim mu 1829 ataipeza m'miyala ya kufupi ndi Moscow. Inkakhala m'nyanja zosazama nthawi ya Carboniferous, zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, ndipo mtundu wake wonse wa ma fusulinid unapululuka kumapeto kwa Permian, zaka 252 miliyoni zapitazo, osatsala ndi kamodzi komwe. Alveolina anaitcha dzinali ndi katswiri wina, d'Orbigny, mu 1826, ili m'gulu lina la ma foraminifera lotchedwa Miliolida, ndipo inachuluka nthawi ya Eocene, zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, m'nyanja yakale yotchedwa Tethys, n'chifukwa chake ku mapiri a Pyrenees ku Spain miyala ina yangoti mbwee ndi iyoyo. Ndiye pakati pawo pali zaka zoposa 200 miliyoni, maonekedwewo zinangofanana chabe chifukwa zinkakhala malo ofanana, m'madzi ofunda osazama.

Pamene ine ndimakondera ndi pakhoma. Dulani mwalawo m'litali mwa chigoba modutsa kachipinda koyamba ka pakati penipeni, muupale mpaka ufike mamilimita 0.03, kenako muike pa maikulosikopu. Khoma la Fusulina ndi la timibulu tating'onoting'ono ta calcite (chinthu chimene chimapanga mwala wa laimu) ndipo lili m'magawo, pali kamzere kakuda kopyapyala kotchedwa tectum, pansi pake gawo lowala lotchedwa diaphanotheca, ukaliona kamodzi suliiwalanso. Timakoma togawa zipinda take ndi topindikapindika ngati nsalu yokwinyika, makamaka kunsongako kumaoneka ngati ukonde, ndipo pakati pali kanjira kokhala ndi timitumbira tiwiri m'mbali, totchedwa chomata.

Alveolina zimenezo ilibe. Khoma lake lilibe tizibowo, ukaliunika pamwamba ndi loyera mbee ngati mbale yadothi yonyezimira, koma kuwala kukadutsa kuchokera pansi limasanduka labulawuni kapena lakuda ndithu. Zipinda zake anazigawa m'tizipinda tambirimbiri tondondozana mwadongosolo, ukadula m'litali umaona timabowo tozungulira tafola mzere uliwonse ngati mikanda, ndipo mitundu ina pansi pa chipinda pamanenepa kwambiri mpaka mizere imatalikirana.

Kwa amene akungoyamba kumene ine ndimati yambani ndi Alveolina, imawerengeka mosavuta ndipo ngakhale ndi galasi lam'manja pamwala wosweka mutha kuona timikanda tija. Fusulina imafuna kufatsa, mukadula mopendekera pang'ono pokha zonse zasokonekera, komanso ili ndi abale ake ngati Schwagerina amene khoma lawo lili ngati chisa cha njuchi, keriotheca, ndiye kulakwitsa dzina sikuchedwa.

Ngati makina odulira mulibe, yang'anani anzake amene ali nawo m'mwalamo. Mukaona ma Nummulites, ma foraminifera ena onga tindalama tachitsulo, pambali pake, imeneyo ndi Alveolina. Mukaona tizidutswa tambiri ta ma crinoid (zamoyo za m'nyanja zonga maluwa) ndi ma brachiopod (zamoyo za m'nyanja za zigoba ziwiri), yambani kuganiza za Fusulina, koma dzina lenileni mulembe mukaona khoma.